Kodi ku Spain kungatenthe kuposa ku Nsanje? Yankho kwa mayi a ku Dedza

Mayi ena a ku Dedza anditumizira kalata pa imelo. Mwana wawo wamkazi wapeza mwayi wa sukulu ku Córdoba, kumwera kwa dziko la Spain, ndipo anyamuka kumayambiriro kwa Seputembala. Iwo anali atayamba kale kumusonkhanitsira majekete ndi majuzi pa kaunjika, koma mwanayo wawauza kuti kumeneko nthawi zina kumatentha kufika madigiri 45. Funso lawo ndi ili: "Kodi n'zoona kuti ku Ulaya kungatenthe kuposa ku Nsanje? Ngati n'zoona, majekete ndagulawa ndiwasiye? Komabe sindikudandaula kwambiri, poti mwanayu ndi wa mu Africa, dzuwa analizolowera."

Mayi, zikomo chifukwa cha kalata yanu, ndipo tikuthokoza nanu limodzi chifukwa cha mwayi umene mwanayu wapeza. Zimene wakuuzanizo n'zoona, sakukokomeza ayi.

Pa 14 Ogasiti 2021, m'tauni ya La Rambla, m'chigawo chomwecho cha Córdoba, kutentha kunafika madigiri 47.6. Nthambi yoona zanyengo ya dzikolo, imene amaitchula kuti AEMET, inatsimikiza kuti chiyambire kusunga kaundula wa nyengo ku Spain sikunatenthepo chotere. Tsiku lomwelo ku Montoro, tauni ina ya m'mbali mwa mtsinje wa Guadalquivir, kunafika 47.4, pomwe pabwalo la ndege la mzinda wa Córdoba panafika 46.9. Masiku atatu m'mbuyo mwake, pachilumba cha Sicily ku Italy, kunafika 48.8, ndipo bungwe loona zanyengo padziko lonse linavomereza kuti m'mbiri ya Ulaya simunalembedwepo kutentha koposa kumeneku. Dziwaninso kuti manambala onsewa amayezedwa pamthunzi, m'kabokosi koyera kolowa mphepo, koikidwa motalikirana ndi nthaka. Munthu woima padzuwa pamsewu wa phula amamva zoposa pamenepo. N'chifukwa chake zikwangwani zoonetsa kutentha zimene zimakhala m'misewu ndi pamafamase, zowombedwa ndi dzuwa tsiku lonse, nthawi zina zimalemba 50 kapena kuposa. Mwana wanu akadzakutumizirani chithunzi cha chikwangwani chotere musadzagwe mphwayi, nambala yoti muziikhulupirira ndi ya AEMET.

Komatu masiku osowa ngati amenewo si amene amandidetsa nkhawa kwambiri. Chimene ndikufuna muchimvetse ndi kutentha kwa tsiku ndi tsiku. M'miyezi ya Julayi ndi Ogasiti, tsiku wamba ku Córdoba limafika madigiri 36 kapena 37. Limenelo ndi tsiku loti palibe amene akulidandaula, wailesi siyilitchula n'komwe. Masiku opitirira 40 amabwera chaka chilichonse, ndipo nthawi zambiri amabwera motsatizana, nthawi zina sabata yathunthu kapena kuposa.

Apa ndi pamene ndikusiyana nanu maganizo, mayi, ndipo mundikhululukire kuti ndilankhule mosabisa. Mawu akuti mwanayu ndi wa mu Africa ndiye dzuwa analizolowera ndi amene angamuike pangozi. Mwana wanu ndi wa ku Dedza, malo okwera pafupifupi mamita 1,600 kuchokera pa nyanja yamchere, kumene ngakhale m'Okutobala madzulo munthu amafuna kansalu kapaphewa. Ku Lilongwe ndi ku Blantyre nakonso ndi kokwera mamita opitirira 1,000, ndipo mwezi wotentha kwambiri masiku ambiri amathera cha m'ma 30 kapena kupitirira pang'ono. Amene angayerekeze kunena kuti moto woterewu amaudziwa ndi anthu a kuchigwa cha Shire, a ku Chikwawa, Ngabu ndi Nsanje, kumene chilimwe chikafika pachimake kumapitirira madigiri 40. Ngakhale iwowo sachita nalo masewera dzuwa, amadziwa nthawi yolowa m'munda ndi nthawi yoweruka. Khungu lakuda limathandiza kuti munthu asawauke msanga ndi dzuwa, zimenezo n'zoona, koma mtima, impso ndi ubongo zimatopa ndi kutentha mofanana mwa munthu aliyense. Thupi limazolowera nyengo imene likukhalamo masabata amenewo, osati dzina la dziko lolembedwa pa pasipoti.

Nanga n'chifukwa chiyani dera la ku Ulaya lizitentha chonchi? Choyamba n'chakuti nyengo yawo inasemphana ndi yathu, osati pa miyezi pokha komanso pa kagwedwe ka mvula. Kwathu kutentha kukafika poipa m'Okutobala ndi Novembala timadziwa kuti mvula ili pafupi. Mitambo imakwera, chizimalupsa chimagwa, kenako dzinja limayamba, ndipo miyezi imene dzuwa lili pamutu penipeni imakhalanso miyezi ya mitambo ndi mvula. M'mayiko ozungulira nyanja ya Mediterranean zili mosiyana: mvula imagwa nthawi yozizira, kuyambira cha m'Okutobala mpaka Epulo, ndipo nthawi yotentha kumakhala gwaa. Ku Córdoba m'Julayi mvula siyigwa n'komwe, ikagwa ndi timadontho tosanyowetsa fumbi. Chimachititsa ndi mpweya wolemera umene m'chilimwe umakhazikika pamwamba pa nyanja ya Atlantic cha kuzilumba za Azores n'kufalikira mpaka ku Spain. Mpweya umenewu umatsika kuchokera kumwamba, ndipo pamene ukutsika umapanikizika n'kutentha, komanso sulola kuti mitambo ipangike. Dzuwa limawomba nthaka popanda chotchinga. Nthaka ikanakhala yonyowa, mphamvu ina ya dzuwa ikanathera kuumitsa chinyezi, koma poti ndi youma kale, yonse imathera kutenthetsa mpweya.

Chachiwiri ndi malo amene mzindawo unakhala. Córdoba ndi Sevilla zili m'chigwa cha Guadalquivir, chigwa chotsika, chotchingidwa ndi mapiri a Sierra Morena kumpoto ndi mapiri ena akuluakulu kumwera ndi kum'mawa. Córdoba ili pamtunda wa mamita ongopitirira 100 pang'ono, kutali ndi kamphepo ka kunyanja. Mphepo ikachokera kum'mawa imadutsa pamwamba pa mapiri n'kutsetserekera m'chigwamo ili youma ndi yotentha. Tauni ya Écija, imene ili pakati pa mizinda iwiriyi, eni ake amaitcha chiwaya cha Andalucía, lomwe ndi dzina la dera lonseli la kumwera kwa Spain. Onjezanipo kuti Africa ali pakhomo: pamalo opapatiza a nyanja ku Gibraltar pali makilomita 14 okha pakati pa Spain ndi Morocco. Mpweya wochokera m'chipululu cha Sahara suchedwa kuwoloka, nthawi zina utanyamula fumbi. M'Malichi 2022 fumbi limeneli linachuluka moti thambo linasanduka lofiirira m'mizinda yambiri, magalimoto anakutidwa ndi dothi mpaka ku Madrid, ndipo chipale chofewa cha pamapiri a Sierra Nevada chinada.

Chachitatu, chimene ife a kufupi ndi pakati pa dziko sitichiganizira, ndi kutalika kwa tsiku. Kwathu dzuwa limalowa cha m'ma 6 koloko chaka chonse, kusiyana kwake n'kochepa. Ku Córdoba kumapeto kwa Juni dzuwa limakhala kumwamba pafupifupi maola 15, ndipo limalowa nthawi itayandikira 10 koloko usiku. Wotchi yawonso ili patsogolo pa dzuwa, chifukwa mu 1940 dzikolo linasintha nthawi kuti ifanane ndi ya mayiko a pakati pa Ulaya, ndipo m'chilimwe amawonjezeranso ola lina. Zotsatira zake n'zakuti dzuwa limafika paliwombo nthawi itadutsa 2 koloko, ndipo kutentha kumafika pachimake cha m'ma 5 kapena 6 koloko madzulo. Mlendo wochokera kwathu amapusitsika pomwepa. Amaona wotchi yakwana 5, n'kuganiza kuti kwazizira, atuluke akagule ndiwo kapena akathamange, osadziwa kuti akutuluka pa nthawi yoipitsitsa ya tsiku lonse. Muuzeni zimenezi mwana wanu, ngakhale zina zonse ataiwala. Ubwino wake kwa inu ndi wakuti kuyambira kumapeto kwa Malichi mpaka kumapeto kwa Okutobala wotchi ya ku Spain imafanana ndendende ndi ya ku Malawi, choncho poimba foni simudzavutika kuwerengera.

Tsiku likatalika chonchi, usiku umafupika, ndipo makoma, misewu ndi madenga sizipeza mpata wokwanira wotulutsa kutentha kumene zamwa. Akatswiri a zanyengo kumeneko amawerenga mwapadera masiku amene usiku wonse kutentha sikutsika pansi pa madigiri 20, ndi ena oipa kwambiri amene sikutsika pansi pa 25. Usiku wotere ndi umene umafoola anthu. Masana thupi limalimbana ndi kutentha, mtima ukugunda mwamphamvu kukankhira magazi kukhungu, ndipo limadalira usiku kuti lipume. Likapanda kupuma masiku anayi kapena asanu otsatizana, amene ali ndi mtima wofooka, shuga kapena vuto la impso amayamba kugwa. M'mizinda ya m'mphepete mwa nyanja ngati Valencia, Barcelona, Málaga ndi Almería masana sikufika manambala a ku Córdoba kawirikawiri, koma kuli chinyezi chambiri, thukuta siliuma pathupi, ndipo usiku kumakhala kovuta kugona kuposa kumtunda. Kumpoto kwenikweni, ku Galicia, Asturias ndi dera la Bilbao, ndi dziko lina ndithu: kobiriwira, kwa mvula chaka chonse, ng'ombe zikudya msipu m'mapiri. Komabe ngakhale ku Bilbao kunafika madigiri 44 m'Ogasiti 2023.

Kutentha kumapha anthu ambiri kumeneko, kungoti kumapha mwakachetechete. Sikugumula milatho kapena kusasula madenga kuti atolankhani ajambule. Ofufuza a ku Barcelona atawerengera imfa za m'chilimwe cha 2022 anapeza kuti ku Ulaya konse kutentha kunapha anthu opitirira 61,000, ndipo mwa iwowa opitirira 11,000 anali a ku Spain. Kawerengedwe ka boma ka chaka chomwecho kanapeza ochepera, opitirira 4,000. Kusiyanaku kumabwera chifukwa pachikalata cha imfa kawirikawiri salembapo kuti kutentha, amalemba mtima kapena mapapo, ndiye owerengera amachita kuyerekeza imfa za masiku otentha ndi za masiku wamba, aliyense ndi njira yake. Nambala iliyonse imene mungatenge, ndi anthu masauzande m'miyezi itatu, m'dziko lokhala ndi zipatala zabwino ndi madzi a m'mipope paliponse. Ambiri ndi okalamba okhala okha m'zipinda za pamwamba, koma si iwo okha.

M'Julayi 2022 bambo wina wa zaka 60 wosesa m'misewu ya Madrid anagwa ali pantchito masana, ndipo anamwalira kuchipatala tsiku lotsatira. M'Ogasiti 2020 bambo wina wochokera ku Nicaragua, amene ankagwira ganyu m'munda wa mavwende ku Lorca m'chigawo cha Murcia, anakomoka ndi kutentha, anakasiyidwa pakhomo la chipatala chaching'ono, ndipo sanadzukenso. Nkhani ya bambo ameneyu imandiwawa nthawi zonse ndikaikumbukira, chifukwa ikusonyeza amene amasenza dzuwa la ku Spain pamsana. Ndi obwera, ambiri a iwo ochokera ku Morocco, Senegal, Mali ndi ku Latin America, amene amathyola tomato m'nyumba zapulasitiki za ku Almería ndi kukolola zipatso m'minda, anthu oopa kudandaula kuti angachotsedwe ntchito. Mu Meyi 2023 boma linakhwimitsa lamulo: AEMET ikatulutsa chenjezo la mtundu wa olenji kapena lofiira, olemba ntchito ayenera kusintha maola kapena kuimitsa ntchito za panja ngati palibe njira ina yotetezera antchito. Ndikutchula zimenezi chifukwa ophunzira athu ambiri patchuthi amafuna kaganyu koti apezeko kangachepe, ndipo tchuthi chachikulu kumeneko chimagwa m'miyezi yomweyi. Mwana wanu adziwe kuti lamuloli lilipo ndipo limateteza mlendo yemwe. Abwana akamuuza kuti iwe ndiwe wa ku Africa, upirira, asavomere.

Tsopano ndikuuzeni mmene eni dziko amakhalira, chifukwa nzeru zopulumukira zili mwa iwo, ndipo safunsa anadya phula. Mutayenda m'katikati mwa mzinda wakale wa Córdoba cha m'ma 4 koloko masana a Julayi, mungaganize kuti anthu anasamuka. Timisewu topapatiza, makoma oyera opakidwa laimu, mashopu ambiri otseka, mazenera onse otsitsidwa zotchinga zamatabwa kapena zapulasitiki mpaka pansi, kuli zii, kumangomveka kulira kwa makina oziziritsa m'nyumba. Pamisewu ina ya malonda amakoka nsalu zikuluzikulu kuchokera denga lina kufika denga lina kuti pansi pakhale mthunzi. Mukagwira chitsulo cha pachitseko chimakuwotchani. Koma mukasuzumira pachipata cha nyumba zakalezo, mkati muli kabwalo kozunguliridwa ndi zipinda, pansi pothiridwa madzi, makoma odzaza miphika ya maluwa, pakati pali chitsime kapena kasupe, ndipo mpweya wotuluka pamenepo umakukhudzani kumaso uli wozizirira. Mabwalo amenewa ndi otchuka moti mu Meyi chaka chilichonse eni ake amawatsegula kuti anthu aone, ndipo mu 2012 bungwe la UNESCO linaika mwambowu pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha dziko lonse. Alendo amabwera kudzajambula maluwa, koma amene anamanga ankafuna pothawira dzuwa. Ikakwana 10 koloko usiku mzinda umadzuka: agogo pamipando panja, ana akusewera mpira pabwalo mpaka pakati pa usiku, mabanja akudya chakudya chamadzulo. Anthu akunja amakonda kunena kuti a ku Spain ndi aulesi poti amatseka masana. Amene amanena zimenezo sanaimepo pamsewu wa ku Córdoba nthawi imeneyo.

Chinthu chimodzi chimene mwana wanu adzafunika kuchiphunzira mwamsanga ndi cha mazenera, chifukwa chimatsutsana ndi chizolowezi chathu. Ife kukatentha timatsegula zonse kuti mphepo ilowe. Kumeneko mpweya wa panja masana umatentha kuposa thupi la munthu, ndiye kutsegula zenera n'kulowetsa moto m'nyumba. Amatsegula usiku ndi m'bandakucha, ndipo dzuwa likangokwera amatseka mazenera, kutsitsa zotchinga, nyumba n'kukhala mumdima mpaka madzulo. Fani nayo ili ndi malire ake: chipinda chikatentha kwambiri imangokupemererani mpweya wamoto, pokhapokha mutanyowetsa khungu kapena malaya. Pofuna chipinda chochita lendi afunse ngati muli makina oziziritsa, afunsenso kuti magetsi amalipira ndani, ndipo apewe chipinda cha pamwamba penipeni choyang'ana kumene dzuwa limalowera, ngakhale chitakhala chotchipa. Ngati m'nyumba simukukhalika, laibulale ya sukulu ndi nyumba zina za boma zimakhala zozizira. Mizinda ina, makamaka Barcelona, inachita kukonza mndandanda wa malo oterowo oti aliyense athawireko.

Madzi a pampopi ndi abwino kumwa, ndipo aziyenda ndi botolo, azimwa asanamve ludzu. Mkodzo ukayamba kuda, madzi achepa m'thupi. Kumidzi adzaona kamtsuko kadothi ka milomo iwiri kotchedwa botijo, kamene kamaziziritsa madzi mmene umachitira mtsuko wathu wa pakhonde, potulutsa thukuta m'mbali. Chakudya cha masana nachonso chimapepuka. Ku Córdoba amakonda salmorejo, tomato wopera pamodzi ndi buledi, adyo ndi mafuta a azitona, wodyedwa wozizira. Nsima yotentha ndi nyemba aziphika madzulo kwambiri, osati masana.

Aike pafoni yake pulogalamu ya AEMET ndipo aziona mitundu ya machenjezo. M'chigwa cha Córdoba chenjezo lachikasu limayamba pa madigiri 38, la olenji pa 40, lofiira pa 44, pomwe madera a kumpoto amachenjezedwa pa manambala otsikirapo chifukwa anthu ake ndi nyumba zawo sanazolowere. Mzinda wa Sevilla unafika poyamba kupatsa mayina nyengo za kutentha koopsa monga timachitira ndi anamondwe, ndipo yoyamba, m'Julayi 2022, anaitcha Zoe. Cholinga chinali chakuti anthu aziopa kutentha monga amaopera chimphepo. Zizindikiro zoti thupi layamba kugonja ndi mutu, chizungulire, nseru, kukokana kwa minofu ndi kufooka. Pamenepo munthu apite pamthunzi, agone, amwe madzi pang'onopang'ono. Koma akayamba kusokonezeka, kulankhula zosamveka, kudzandira kapena kukomoka, thupi lili juu, imeneyo ndi ngozi ya imfa. Nambala yoimba pa ngozi yotere ndi 112, yaulere, ndipo podikira ambulansi amuthire madzi ozizira thupi lonse, amupemerere, osamumwetsa kanthu ngati sakudziwa chimene chikuchitika. Panado sathandiza pa kutentha kwa mtundu umenewu. Iye akufika m'Seputembala, pamene moto wayamba kuchepa koma masana ambiri akadali kupitirira madigiri 30, choncho masabata awiri oyambirira ayende modekha kuti thupi lizolowere.

Za majekete, musawasiye, mayi. Longedzani. Spain ndi dziko la mapiri ndi zidikha zokwera, ndipo kumene kumatentha koopsa m'chilimwe sikutali ndi kumene kumazizira koopsa. Madrid ili pamtunda wa mamita pafupifupi 650, ndipo anthu a m'chigawo chapakati ali ndi mwambi wawo woti kwawo kuli miyezi isanu ndi inayi ya chisanu ndi itatu ya gehena. Ku Calamocha, m'chigawo cha Teruel, pa 17 Disembala 1963 kunazizira kufika madigiri 30 kunsi kwa ziro. Chaka chomwe chija cha 2021, miyezi isanu ndi iwiri La Rambla isanafike 47.6, namondwe wotchedwa Filomena anagwetsa chipale chokuya pafupifupi theka la mita mumzinda wa Madrid, bwalo la ndege linatsekedwa, mitengo yambirimbiri inathyoka, ndipo masiku otsatira midzi ina ya ku Teruel inafika madigiri 25 kunsi kwa ziro. Dziko limodzi, chaka chimodzi, kusiyana kwa madigiri opitirira 70.

Ku Córdoba kwenikweniko chipale sichigwa kawirikawiri. M'Januwale masana kumafika cha m'ma 15, m'mawa kumatsika kufika 3 kapena 4, masiku ena mpaka madzi kuundana pagalasi la galimoto. Wa ku Dedza anganene kuti zimenezo n'za m'Juni kwathu. Vuto ndi nyumba. Zinamangidwa kuti zithamangitse kutentha: pansi pa matailosi, denga lalitali, ndipo zambiri zilibe zotenthetsera zimene zimapezeka m'nyumba za kumpoto kwa Ulaya. Munthu amazizidwa m'nyumba kuposa panja. Choncho kuwonjezera pa jekete limodzi lolimba, mumuikire majuzi ovala m'nyumba, masokosi okhuthala ndi zogonera zotentha. Mabanja a kumeneko ali ndi tebulo lozungulira lofundidwa nsalu yokhuthala yofika pansi, ndipo kunsi kwake amaikako chotenthetsera. Onse amakhala mozungulira, miyendo ili m'kati mwa nsaluyo, akucheza kapena kuwerenga. Masiku ano chotenthetseracho chimakhala chamagetsi, koma kumidzi ena akadagwiritsabe makala, ndipo nyengo yozizira iliyonse kumamveka za anthu ofa ndi mpweya wa makala kapena moto wogwira nsalu. Ngozi yake ndi yomwe timaidziwa ya mbaula m'chipinda chotseka. Asagone chili choyaka.

Simunafunse ngati zinthu zikuipiraipira, koma ndiyenera kunena, chifukwa mwana wanu akupita kukakhala m'katikati mwake. Zikuipira. Chilimwe chikuyamba msanga ndi kutha mochedwa. Pa 27 Epulo 2023, mwezi umene umayenera kukhala wa maluwa ndi kamvula, Córdoba inafika madigiri 38.8. Kutentha kwa nthawi yolakwika ngati kumeneku kumawotcha maluwa a mitengo ya azitona, ndipo pophatikiza ndi chilala cha 2022 ndi 2023, zokolola za mafuta a azitona m'dziko limene limatsogola padziko lonse pa ulimi umenewu zinatsika ndi theka. Mtengo unakwera moti masitolo ena anayamba kumanga mabotolo a mafuta ndi maloko oteteza akuba. Ku Catalonia madamu anaphwa mpaka tchalitchi chakale chimene chinamizidwa m'damu la Sau chinaonekera chonse, ndipo m'Febuluwale 2024 boma la chigawocho linalengeza kuti kuli ngozi ya chilala. Moto wolusa unawononga mahekitala pafupifupi 300,000 mu 2022, ndipo m'Ogasiti 2025 unabweranso mwaukali ku Ourense, León ndi Zamora.

Kutenthaku kuli ndi mchira wake umene umafika m'miyezi ya Seputembala, Okutobala ndi Novembala, nthawi yomwe mwana wanu adzakhale akuyamba kuyendayenda ndi anzake kukaona mizinda ya kunyanja. Nyanja ya Mediterranean imasunga kutentha kwa chilimwe, ndipo m'zaka za 2023 ndi 2024 madzi ake a pamwamba anapitirira madigiri 28. Madzi ofunda amatulutsa nthunzi yambiri. Ndiye mpweya wozizira ukapatuka kumwamba n'kudzaima pamwamba pa nyanja yofundayo, chimene eni ake amachitcha DANA, mitambo imakwera mwaukali n'kukhuthula zonse pamapiri a m'mphepete mwa nyanja. Pa 29 Okutobala 2024, ku Turís m'chigawo cha Valencia kunagwa mvula yokwana mamilimita 771 tsiku limodzi, pafupifupi mvula imene Lilongwe imalandira dzinja lonse. Anthu opitirira 220 anafa. Ife amene tinaona zimene namondwe Freddy anachita ku Chilobwe ndi ku Phalombe mu 2023 sitifunika kufotokozeredwa kuti madzi a matope amathamanga bwanji.

Chimene chimandipweteka pa nkhani ya ku Valencia n'chakuti m'matauni amene munafa anthu ambiri, ngati Paiporta, mvula sinagwe yambiri. Inagwa kumtunda, madzi n'kutsika ndi khwawa la Poyo, limene masiku ambiri limakhala louma moti anthu amaliona ngati ngalande chabe. AEMET inali itatulutsa chenjezo lofiira kuyambira m'mawa, koma uthenga wa boma la chigawo wochenjeza anthu pamafoni unafika itadutsa 8 koloko usiku, madzi atalowa kale m'nyumba. Ambiri anafera m'magalimoto, m'zipinda za pansi, ndiponso m'magalaja a pansi pa nthaka kumene anatsikira kuti akapulumutse galimoto. Choncho mwana wanu akadzaona chenjezo lofiira la mvula, asadikire uthenga wina kapena kuyang'ana kumwamba kuti aone ngati kukugwa. Ulendo auimitse, asawoloke khwawa louma kapena mlatho wotsika, asatsikire pansi pa nyumba kukatenga katundu aliyense, akwere chipinda cha pamwamba ndipo akhale komweko mpaka akuluakulu atanena kuti madzi aphwa.